Chikho pa Khutu la a Mandla

Pa Linthipe a Mandla ankadziwika ngati bambo uja wogwira ntchito atavala chikho kukhutu. Ena ankati mutu unawazungulira ku Joni. Bodza lenileni! Ine Monika ndine msuweni wawo, mayi anga ndi bambo awo anali a bere limodzi, ndipo palibe amene anawaseka kuposa ine, poti chisuweni chimalola. Koma wofuna kunena za iwo ayambe wamva kwa ine. Ndinkagulitsa kachewere ndi zitumbuwa pakhomo penipeni pa shedi imene ankagwiramo ntchito, ndipo zonse ndinaziona ndi maso angawa.

Anabadwira kumapiri kumtunda kwa Linthipe, m'banja la Angoni. Ali mnyamata agogo awo aamuna anawaboola makutu monga ankachitira makolo, mabowo aakulu oti chala chaching'ono n'kulowa. Akuluakulu akale ankasomekamo kabango ka fodya wamphuno. Koma a Mandla anakulira mumpingo, ndiye mabowowo ankachita nawo manyazi, moti chisoti chawo chinkakhala chotsika nthawi zonse. Ine ndinkawapempha kuti ndipachikepo dengu langa poti kunyumba misomali inkasowa. Iwo ankangotsitsa chisoti. Sanali munthu wa mawu ambiri, ngakhale pamene makutu anali abwino.

Anakwatira a Jesinta a ku Mphunzi, mkazi wofatsa, woimba bwino m'tchalitchi. Kenaka, monga amuna ambiri a masiku amenewo, anapita kumigodi ku Joni. Kupita, kubwera, kupitanso, zaka n'kumatha. Pansi pa nthaka ankagwira makina obowola mwala. Pobwera komaliza mu 1951 anafika ndi sutikesi, bulangete lolemera ndi makutu akutha. Lamanja linali litaferatu. Lamanzere linkamva pang'ono munthu akakuwa. Ine sindinavutike nawo, Mulungu anandipatsa kholingo loti ndikaitana mwana kudimba amayankha wa mudzi wina.

Amene anavutika ndi mlamu wanga a Jesinta. Amuna awo ali kutali, pakhosi pawo panamera chithokomiro, chotupa chija chimene chimagwira amayi ambiri kumapiri kuno. Chinakula mpaka kufinya mawu. Kuimba kunatha, kulankhula kunatsala konong'ona basi. Tangoganizani, mwamuna wosamva ndi mkazi wopanda mawu m'nyumba imodzi! Ankalozerana ndi zala. A Jesinta akakhala ndi nkhani yaitali ankabwera kudzandinong'oneza, ine n'kukaikuwira kwa amuna awo. Nanga nkhani za m'banja n'zokuwira pabwalo? Zambiri ankangomeza. Ndinkawaona akutsegula pakamwa, kuyang'ana mwamuna wawo, n'kutsekanso. Zinkandipweteka mtima, ndipo ine chinthu chikandipweteka ndimatukwana, ndiye Joni ndinamutukwana kokwanira.

Mu 1955 namwino wa pa mishoni anawaitanitsa a Mandla. Mzungu wina wokalamba wa pamenepo anali atamwalira n'kusiya kabokosi kothandiza kumva. Kanali ngati chitini cha fodya, kolowa m'thumba la malaya pachifuwa. Kutsogolo kanali ndi tibowo totolera mawu, ndipo kachingwe kankakwera mpaka kukhutu, kumapeto kwake kuli kabatani kolowetsa m'khutumo. Kankadya mabatire ang'onoang'ono ochita kuitanitsa ku Blantyre. Kumudzi tinangokatcha kawayilesi.

Tsiku limene anabwera nako ine ndinalipo. A Jesinta anali pakhonde kusenda mbatata. A Mandla anakhala pambali pawo n'kupotokola kagudumu ka pakabokosi. Mlamu wanga, osadziwa kuti zinthu zasintha, anang'ung'udza yekha monga anazolowera.

"Abwera ndi matope awo, pomwe ndazira lero lomwe."

A Mandla anayang'ana mapazi awo, anadzuka, n'kukapukuta pa udzu. Mpeni unagwa m'manja mwa a Jesinta. Analira, nanenso ndinalira, koma mwamunayo ankangoseka.

"Nenaninso china," anatero. "Ngakhale chonyoza, nenani."

Ntchito yanga yokuwa inathera pomwepo. A Jesinta anaphunzira kulankhulira pachifuwa cha amuna awo, pamene panali kabokosi. Madzulo aliwonse dzuwa lisanalowe ankakhala pakhonde, mutu wa mkazi uli pafupi ndi thumba la malaya. Odutsa ankati nkhalambazi zayambiranso chibwenzi, ndipo woyamba kunena zimenezo ndinali ine.

Koma mabatire samera m'dimba. Kuti aziwapeza, a Mandla ankagwira ntchito pa shedi ya a Bonifasi pa Linthipe, yopanga ngolo, zitseko ndi mabenchi a sukulu. Poyamba zonse zinali za manja, ndipo phokoso la nyundo linali lopiririka. Mu 1957 a Bonifasi anagula injini yoyendetsa sowo yozungulira, Linthipe yense n'kubwera kudzaonerera. Walira mvula walira matope. Thabwa limene linkatha m'mawa wonse linkang'ambika munthu asanameze chitumbuwa, koma kulira kwake, mayo! Nkhuku za pamsika zinasamuka. A Mandla, poti makina anawazolowera ku Joni, anawaika kolowetsa thabwa. Mbali inayo kunali a Timoteyo, bambo wa ku Chimbiya, amene ankalandira thabwalo ndi kusamala injini.

Kabokosi kalibe nzeru. Kamakuza chilichonse, mawu a mkazi ndi kulira kwa chitsulo chimodzimodzi. Pasanapite nthawi a Mandla anabwera pogulitsira panga atagwira tsaya.

"Msuweni, nyenje yabwera."

"Nyenje mwezi wa Juni, chisanu chonsechi? Mwamwa chiyani?"

"M'khutu muno. Ikulira osaleka. Lamanja lija linayamba chonchi lisanafe." Anasisita tsaya. "Dzulo a Jesinta analankhula mpaka dzuwa kulowa. Ine ndinangomva nyenje."

Nthabwala zinandithera. Ndinawauza zimene aliyense akanawauza, kuti asiye ntchitoyo.

"Ndikasiya ntchito, mabatire ndizigula ndi zitumbuwa zakozi?"

Anali ndi mfundo. Akasiya ntchito kabokosi kafa ndi njala, mkazi samumvanso. Akapitiriza khutu lomalizalo lifa, mkazi samumvanso. Ndinawafunsa kuti nanga atani, ndipo anandiyang'ana ngati ndafunsa zachibwana.

"Ntchito sindisiya. Khutu sinditaya."

M'mawa mwake anafika atazinga thonje kuzungulira kabatani ka m'khutu, pamwamba atakulunga mutu ndi mpango wa akazi awo, pamwamba pakenso chisoti. Ndinawafunsa ngati dzino likuwawa kapena ngati akupita kukasinja kumaliro. Sowo italira anagwirabe tsaya. Tsiku lotsatira anawonjezera chidutswa cha bulangete la ku Joni lija. Kenaka chikopa cha nkhosa. Mutu unakula ngati dzungu, thukuta lili kamukamu mwezi wozizira, koma phokoso osachepa ngakhale pang'ono. A Timoteyo ankati mwina limalowera m'mphuno. A Bonifasi ankati limadutsa m'mafupa. Ine ndinati limalowa poti mutu ndi wobowoka kale, akazi anzeru sakanalola amuna awo kuyenda chonchi pamsewu.

Tsiku la msika a Jesinta anatsika kumapiri ndi dengu la kachewere. Ataona amuna awo m'shedi, anatula dengu n'kuyamba kuseka. Kuseka kwawo kunalibe mawu, ankangogwedezeka mapewa, misozi ili mbwee. Injini itazima analowa, anawerama pachifuwa cha a Mandla monga mwa masiku onse, ndipo ine ndinasendera kuti ndimve.

"Mwamanga mutu. Nanga ine ndimalankhulira kuti?" Anagogoda kabokosi ndi chala. "Khutu lanu lili apa."

Ha! Amuna onse a m'shedi, pamodzi ndi ine wodzitcha wochenjera, tinali kutseka chitseko cha nyumba pomwe mbava ikulowera pazenera. Kabokosi kanali pachifuwa poyera, kakutola phokoso lonse n'kumalithira m'khutu kudzera m'kachingwe, pansi pa mabulangete onsewo. A Mandla anamasula mutu pang'onopang'ono, osayang'ana munthu.

Anayesa kutsitsa kagudumu, anayesa kukulunga kabokosiko m'nsanza, koma sowo ikafika pomveka bwino mawu a anthu anali atasowa kale. Ndiye phindu lake n'chiyani? Komanso utuchi unali utayamba kulowa m'tibowo tija. Anagamula okha kuti kabokosi ndi sowo sizidzakhalanso malo amodzi. M'mawa uliwonse ankakazimitsa, kukakulunga m'kansalu, n'kundipatsa kuti ndikasunge pansi pa dengu langa. Ine ndinakhala mlonda wa kawayilesi wosalipidwa.

Chinatsala ndi khutu lenilenilo. Ngakhale popanda kabokosi, sowoyo inkalowabe, ndipo khutu lotsala pang'ono silichedwa kutha. Thonje lokha linali ngati mpanda wa udzu pa mphepo ya mwera. Lonyowa linali bwinoko koma linkauma msanga. Munthu wina anawalangiza dongo, ine ndinamuthamangitsa ndi chikuni. Potsiriza mlongo wawo wa a Jesinta, a Ganizani a ku Mphunzi, amene anali ndi ming'oma ya njuchi m'phiri, anatumiza phula.

A Mandla analikanya m'manja mpaka kufewa, n'kulikankhira m'khutu ndi chala, mwamphamvu monga amachitira zinthu zonse. Tsiku limenelo anagwira ntchito akumwetulira. Masana anandikodola n'kuloza khutu, kusonyeza kuti m'katimo muli zii. Koma pafupi ndi injini pamatentha. Phula linafewa n'kutsikira m'kati, ndipo poweruka linakana kutuluka. Anaika kabatani, anapotokola kagudumu mpaka kumapeto, osamva kanthu. Ndinawakuwira pakhutu penipeni ndi mphamvu zanga zonse, iwo n'kungondiyang'ana pakamwa. Aka kanali koyamba kuona mantha pankhope ya munthu ameneyu, ndipo nane ndinaopa.

Ndinawaperekeza kumudzi. Atafika anatenga waya kuti atokose. A Jesinta, mkazi amene sanakwezepo dzanja ngakhale pa galu, anawamenya dzanja phaa, waya n'kugwera kutali. M'mawa dzuwa litatentha anayala mphasa pabwalo, anagoneka mutu wa amuna awo pamiyendo, n'kumadontheza mafuta ofunda a nsatsi ndi nthenga ya nkhuku. Anachita zimenezo masiku angapo, modekha, kuchotsa kachidutswa lero, kena mawa. Nyumba inabwerera kuja kolozerana ndi zala. Ine ndinkabwera kudzathandiza, ndipo thandizo langa linali kuzungulira bwalo ndikunena kuti ndinanena ine, ngakhale palibe chimene ndinanena. Mwayi wake mwini nkhaniyo sankandimva.

Chidutswa chomaliza chitatuluka, a Jesinta anawaveka okha kabatani n'kuwerama pachifuwa. Sindinamve zimene ananena, ndinangoona a Mandla akutseka maso n'kupuma mozama. Atadzuka, mukudziwa chimene anafunsa? Anafunsa ngati phula lina latsala.

Ndinalumpha. "Asuweni, kodi ku Joni munasiya makutu okha kapena ndi nzeru zomwe? Chinthu chomwechi chatsala pang'ono kukugonthetsani!"

"Phula silinalakwe, ndinalakwa ndine. Linatseka bwino. Ndipeze njira yoti lizituluka."

Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Anakhala pakhonde tsiku lonse akuyesayesa. Anakanya phula pamodzi ndi thonje kuti ligwirane, analikulunga m'kansalu kopyapyala, n'kusiya kamchira panja kokokera. Sankalikankhiranso m'kati, ankangotseka pakhomo pa khutu. Pamwamba pake anafuna chovundikira. Anayesa chivundikiro cha chitini, chinkanjenjemera ndi phokoso n'kumaluma khungu. Kenaka anatenga chikho chaching'ono chomwera thobwa, anachidzaza ubweya wa nkhosa, a Jesinta n'kusokerera chikopa chofewa m'mphepete mwake. Anachimanga kumutu ndi lamba wodula ku chubu cha njinga. Chikhocho chinali chimodzi, cha kumanzere. Lamanja ankati lakufa siliopa phokoso.

Anthu anaseka, koma nyenje inayamba kuchepa mpaka inasowa. Zokambirana za pakhonde zinabwerera. Ine ndinati basi, nkhondo yatha. Ndinafulumira.

Tsiku lina chakumasana lamba wa injini anayamba kung'ambika. A Timoteyo anaona, anakuwa kuti, "Chokani! Chokani!" A Mandla maso ali pa thabwa, khutu lili m'chikho, osamva kanthu. A Timoteyo anadumpha n'kuwakankha, ndipo nthawi yomweyo lamba anaduka n'kuwakwapula a Timoteyowo pamkono, khungu kusupuka kuyambira pachigongono. Ndinathamanga ndi chitenje changa kukamanga balalo. Magazi anali ponseponse pa utuchi.

Injini itazima a Bonifasi anandiuza kuti ndibweretse kawayilesi. Anadikira a Mandla avale, n'kulankhula mofatsa, poti sanali munthu woipa.

"A Mandla, ntchito yanu ndilibe nayo chifukwa. Koma munthu wosamva sindingamuike pa sowo. Lero ndi mkono wa a Timoteyo, mawa tidzanyamula maliro. Muzivala kawayilesi kanu pogwira ntchito, apo ayi malowo ndipatsa wina."

Ndinawalalatira a Bonifasi mpaka ogula kachewere anathawa. Ndinawakumbutsa zaka zimene msuweni wanga anawagwirira ntchito, ndinatchula ndi zina zosayenera kutchula. Koma pansi pamtima ndinkadziwa kuti akunena zoona, ndipo zimenezo n'zimene zinandikwiyitsa kwambiri. A Mandla anayang'ana mkono wa mnzawo nthawi yaitali. Anapepesa kwa a Timoteyo atagwira dzanja lawo ndi manja awiri. Kenaka anatembenukira kwa mwini shedi.

"Mundipatse mpaka Lolemba."

Loweruka masana, anzawo ataweruka, ndinawaona atakwera pa benchi akukhoma misomali yopinda m'mitanda ya denga, kuyambira pamwamba pa injini mpaka pamwamba pamene iwo ankaima. Anandituma kwa telala kukapempha ulusi, n'kunena kuti ukhale wamba, wosachedwa kuduka. Ndinafunsa ngati ayamba kusoka madiresi, iwo n'kungopitiriza kukhoma misomali.

Lolemba m'mawa tonse tinalipo. Ulusi unadutsa m'misomali ija. Nsonga imodzi inalendewera pafupi ndi dzanja la a Timoteyo. Nsonga inayo inatsika molunjika kumbuyo kwa a Mandla, kutali ndi mano a sowo, itamangidwa ku kabango kofanana ndi kaja ka fodya ka agogo. A Mandla anavula chisoti pamaso pa anthu onse, anachiika pambali, n'kusomeka kabangoko m'bowo la khutu lamanja, lakufa lija.

"Kumgodi mawu sankamveka, tinkauzana ndi chingwe cha belu," anatero. "A Timoteyo, mukaona choipa, kokani. Ulusi ukakodwa pena uduka wokha, kabango katuluka kokha."

A Timoteyo anabweza dzanja kumbuyo. "Ine ndikoke khutu la munthu wamkulu? La Mngoni? Iyayi, bambo, makolo anu angandilote."

"Wakutsina khutu ndi mnansi. Kokani."

A Bonifasi anapukusa mutu koma analola kuyesa. A Mandla anandipatsa kabokosi, anatseka phula, anatsitsa chikho, injini n'kulira. Analowetsa thabwa, maso pansi. Lili pakati, a Bonifasi anakodola a Timoteyo, ndipo iwo anakoka ulusi monyinyirika ngati akugwira njoka. Nthawi yomweyo a Mandla anachotsa manja n'kubwerera m'mbuyo, maso ali m'mwamba. Anayesanso mobwerezabwereza, nthawi zina modzidzimutsa, osaphonya. Kunena zoona, pa phokoso limenelo ngakhale wa makutu awiri sakanamva kukuwa msanga chotero. A Bonifasi anakanda m'mutu, anayang'ana kudenga, n'kunena kuti matabwa a mabenchi akudikira.

Musaganize kuti zinathera m'manja. Nkhani inafala, anthu n'kumabwera kudzaona mbuzi ya a Bonifasi yomangidwa khutu. Okwera basi ankasuzumira pazenera n'kumaloza. Abale ena a ku banja kwathu anakwiya, akuti chizindikiro cha makolo asandutsa chomangira chingwe. Ena a kumpingo, amene kale ankanyoza mabowowo, anayamba kunena kuti munthu wa Mulungu asamadzichititse manyazi chotero. Ine ndinalimbana nawo onse, poti msuweni wanga ndimamuseka ndine, wina ayi. Mayi wina ndinamuthira madzi otsukira mbatata ndipo mpaka lero sindinapepese.

Komabe tsiku lina nanenso ndinawafunsa. "Inu amene munkabisa makutu m'chisoti, manyazi aja anapita kuti?"

"Amene akusekawo sindiwamva," anatero. "Madzulo ndimamva a Jesinta."

Poweruka ankachotsa kabango, kumasula chikho, kukoka phula ndi kamchira kake, n'kusamba kumutu kuti utuchi uchoke. Kabokosi ankakatenga kwa ine koma osakayatsa. Ankakwera phiri lonse lija kali kozima, kusunga mabatire ndi kupumitsa khutu, n'kukayatsa atafika pa mtengo wa mapichesi wa pakhomo pawo. Tikamakwera limodzi ndinkadandaula kuti bwanji osayatsira ine. Ankati ine amandimva ndi mafupa.

Ndinamufunsapo mlamu wanga kuti amakambirana chiyani chosatha tsiku ndi tsiku. Anandikokera pafupi n'kundinong'oneza kuti za mbuzi, za mvula, za ana amene anakwatiwa kutali, za mwana amene anamwalira bambo ake ali ku Joni. "Zonse zimene ndinameza zaka zija, mlamu. Sindinamalize."

Mu 1959 chithokomiro chinayamba kutseka mpweya. Anapita nawo kuchipatala, madokotala anayesa zimene akanatha, koma mtima unali utafooka moti kung'amba pakhosi sikukanatheka. Anabwerera kumudzi. Mawu aja onong'ona anacheperachepera, mpaka ine wa makutu abwino ndinkaika khutu pakamwa pawo osatolapo kanthu. A Mandla ankatsikabe ku Linthipe m'mawa, kutseka phula mosamala kuposa kale, n'kukwera phiri mothamanga poweruka.

Tsiku lomaliza sanapite kuntchito. Kunali nkhungu, ndipo itachoka tinawatulutsa a Jesinta kuti aothe dzuwa pamphasa. Milomo yawo inayamba kugwedera. Amayi amene tinalipo tinayang'anana, palibe amene ankamva. A Mandla anagwada, anatulutsa kabokosi m'thumba, anakaika pamilomo ya akazi awo, n'kupotokola kagudumu mpaka kumapeto. A Jesinta analankhula nthawi yaitali, kupumira, kulankhulanso. Mwamunayo ankagwedeza mutu, ankayankha kuti, "Inde. Inde, ndamva." Pena anaseka, misozi ikutsika. Mlamu wanga anatisiya masana a tsiku lomwelo.

Pamaliro amayi ankandifunsa kuti anasiya mawu otani, poti amadziwa kuti ine sindisunga nkhani. Ndinalibe choti ndiwauze. Nditawafunsa a Mandla anandiyankha mawu awiri okha, akuti, "Zinali zanga." Ndinakwiya pang'ono, koma ndinakondwa kwambiri. Khutu lija analilondera ndi phula, ndi chikho, ndi kusekedwa ndi Linthipe yense, linagwira ntchito yake pa tsiku lake.

Titameta, anatsikanso ku shedi. Ine ndinkayesa kuti tsopano zachikho zatha, munthu apumule kusekedwa. Koma anafika pogulitsira panga monga kale, anandipatsa kabokosi kali m'kansalu kake, n'kuyamba kukanya phula m'manja. Mtima unandiwawa, ndipo mukudziwa kale chimene ndimachita mtima ukandiwawa.

"Asuweni!" ndinakuwa. "Mukuvutikiranso chiyani? Khutulo mukusungira ndani tsopano? Ine?"

Anakulunga phula m'kansalu, anakonza kamchira kake, n'kundiyang'ana.

"A Jesinta akulankhulabe m'khutu muno, msuweni. Nyenje ikabwera sindiwamva."

Anatseka khutu, anatsitsa chikho, analowa m'shedi n'kusomeka kabango m'bowo lake. Kenaka anakweza dzanja kwa a Timoteyo kuti alize injini. Ine Monika, wa kholingo lomveka mudzi wina, ndinasowa chonena. Ndinatukula kachewere n'kuika kabokosi pansi pa dengu, pamalo pake pa masiku onse.